Anambewe, Amene Ankalulutira Wosewera Akagwa

Alamu anga Anambewe anamwalira mu Novembala. Thupi tinalitumiza kwawo ku Ntcheu, monga ananenera okha. Pamwambo wowatsanzika anthu analankhula zambiri: za ntchito yawo, za kwaya, za atsikana ochokera kumudzi amene anawasunga m'nyumba mwawo ku Germantown, kuno ku Amerika, mpaka atapeza pogwira. Zonsezo ndi zoona. Koma palibe amene anatchula za mpira, ati pamaliro sizoyenera. Ine ndinakhala chete tsiku limenelo. Tsopano Febuluwale wadutsa, fainolo ya mpira wa chiAmerika yaseweredwa iwo kulibe. Ndilemba zimene ndinaona.

Anali mkazi wa akulu anga, malemu a Faison. Anali amfupi, a mawu aakulu. Chitenje ankachimanga pamwamba pa yunifolomu, ngakhale kunja kutagwa sinoo. Anagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Rockville kuyambira pamene anafika m'dziko lino mpaka maondo atakana.

Maondowo anawatha okha. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo mtsikana aliyense amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo amalidziwa. Ankati munthu amene wagona, kapena ali pa njinga ya odwala, sumulankhula uli chiimire ngati wapolisi. Ugwade kaye, maondo onse awiri, maso ako alingane ndi ake. Umuuze dzina lako ngakhale akulidziwa. Ndiye umugwire. Akuluakulu a kuntchito anawagulira kampando kuti azikhalira. Iwo ankaikapo matawulo.

Pa ngodya ya chitenje chawo pankakhala mfundo, monga amamangira amayi a kumsika. M'zaka zawo zomaliza m'mfundomo munkakhala mphete yaikulu yachimuna, yolemera ngati loko, imene amapatsa anthu a timu yotenga chikho. Ankapita nayo kutchalitchi, kuchipatala, kulikonse. Za mpheteyo ndifika.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri. Ine ndimakonda dongosolo, ndipo sindipepesa. Anthu akasonkhana payenera kukhala pemphero, nyimbo, mawu a kubanja, mawu a mpingo. Iwo ankanditcha a Tcheyamani. Ankati ndikayamba kupemphera, nkhuku imene inali m'mbale imamera nthenga. Ine ndinkawauza kuti Mulungu sathamangitsidwa. Iwo ankati Mulungu anamva kalekale, amene atsala ndi ine ndekha.

Chaka chilichonse, Lamulungu la fainolo, anthu ankadzaza m'chipinda chawo cha pansi kudzaonera mpira. Mwini nyumba sankakhala pampando. Ankaima pa mzati wachitsulo umene uli pafupi ndi masitepe, dzanja limodzi litagwira mzatiwo. Mlendo wobwera koyamba ankadabwa chinthu chimodzi. Zigoli zikamalowa, Anambewe ankangoyang'ana. Koma wosewera akagwa n'kulephera kudzuka, anthu a zikwama za mankhwala n'kuthamangira m'bwalo, iwo ankaimba nthungululu mpaka galu wa nyumba yoyandikana kuuwa. Mzungu wina woyandikana nawo anafunsa ngati kwathu timakondwera munthu akapweteka. Anamuyankha kuti sakululutira wogwayo, akululutira amene akubwera kudzamudzutsa.

Chiyambi chake chinali choipa.

Anali ndi ana awiri obadwira kuno, Limbani ndi mlongo wake Tadala. Limbani anayamba sukulu ya unamwino monga amayi ake ankafunira. Bambo ake atamwalira anaisiya, nakaphunzira za kusamalira osewera ovulala. Anapeza ntchito ku timu yaikulu ya mpira wa chiAmerika, mumzinda wina wakutali. Pa Khirisimasi ina anabwera kudzacheza, m'nyumba mutadzaza anthu a kutchalitchi. Amayi ake anamufunsa pagulu kuti ntchito yake yeniyeni ndi chiyani. Iye anafotokoza m'Chizungu, monga amachitira ana a kuno. Sanamulole kumaliza.

"Anthu inu, tamverani," anatero. "Ine ndinasiya manda a amayi anga ku Ntcheu. Ndasambitsa nkhalamba za eni mpaka msana kupindika. Zonsezo kuti mwana wanga azithamanga ndi mabotolo a madzi kumbuyo kwa zimphona zogundana mitu?"

Anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri anali Mayi Jere a m'kwaya. Limbani anaika mbale pansi. Anati amayi ake sanaionepo ntchito yake ngakhale kamodzi. Anati tsiku limene adzaione ndi maso awo amutumire uthenga, koma kufikira tsikulo m'nyumbamo sadzapondamo. Anatenga jekete, natuluka.

Onse awiri anali ouma mutu mofanana. Zaka zinapita. Limbani anakwatira, amayi ake osapezeka pa ukwatiwo. Mwana wamkazi anabadwa, nayamba kuyenda, agogo ake asanamunyamulepo. Zithunzi zake ankazionera pa foni ya Tadala, akunamizira kuti akuona ngati foniyo ili ndi moto. Ine ndinawauza kangapo kuti amuimbire mwanayo. Ankandiuza kuti ndikhale tcheyamani wa kwanga.

Amene anabweretsa nkhani anali a Tembo, mnzathu wa ku Lusaka amene amayendetsa basi ya okalamba. Mwa ife akuluakulu, ndi iwo okha amene ankaumvetsa mpira umenewu. Tikutuluka m'tchalitchi Lamulungu lina chakumapeto kwa Januwale, anawaimitsa alamu anga pakhomo.

"Amai, mwamvela? Timu ya mwana wanu yangena mu fainolo. Dziko yonse izatamba. Manje imwe muzachita bwanji?"

"Iyeyo adzaoneka?"

"Munthu akagwa, bathamanga na vikwama. Kamera ikafuna izamuonetsa. Ikakana, yakana."

Mawa lake Anambewe anafika kwanga asanavule yunifolomu.

"Alamu, mukukumbukira amene analipo pa Khirisimasi ija?"

Ndinati ndikukumbukira.

"Onsewo ndikuwafuna kwanga tsiku la mpirawo. Ndinamunyoza pagulu. Ndikamuonera ndekha kuchipinda ndiye kuti ndaba. Amene anaseka adzaone pamodzi ndi ine."

Ndinawachenjeza. Ndinati mwamva zimene anena a Tembo, mwanayo akhoza osaoneka n'komwe, ndiye mudzakhala mwasonkhanitsa anthu kudzaonera manyazi anu. Ndinati bwanji osangomuimbira n'kumuuza kuti mwaona.

"Iye anati ndione ndi maso," anatero. "Ndinamulera ine. Bodza amalinunkhiza ali kutali. Manyaziwo ndi anga, a Tcheyamani, inu mudzangobwera ndi jekete lanu."

Panali masabata awiri okha. Amene sanagwirepo ntchito yathu sangadziwe kuvuta kwake. Okalamba sadziwa Lamulungu. Pafupifupi aliyense amene ankamufuna anali pa shifiti tsiku limenelo. Anambewe anayenda kwa anzawo a ku Ghana, a ku Ethiopia, a ku Philippines, kupempha kuti asinthane ndi anthu athu. Mashifiti amene anakana kusinthika anawagwira okha pasadakhale, maondo ali otupa. Anapita kwa abusa kukapempha kuti ulaliki ufupike, ndipo abusa, amene sindinawaonepo akugonjera munthu, anavomera. Kumene amakhala nyumba ndi zogundizana, malo oimika galimoto ndi owerengeka. Anakazinga mandasi, nagogoda khomo lililonse la mumzerewo, kupempha malo a tsiku limodzi. Mipando inachokera kutchalitchi. Kanema wamkulu anali wa a Tembo, ndipo pomutsitsa pa masitepe anatukwana m'zilankhulo zitatu.

Pa chakudya tinakangana. Ana anati tsiku limeneli anthu amadya mapiko a nkhuku. Ine ndinati kwathu mapiko timapatsa ana, mlendo wolemekezeka sungamuikire phiko. Anambewe anagula mapiko odzaza beseni, ine anandiikira ntchafu imodzi pambali kuti ndisiye kudandaula.

Pa dongosolo tinakangananso. Ndinati popeza ndi nkhani ya banja, ndiyenera kulankhula m'malo mwa akulu anga. Anati zolankhula kulibe. Pemphero likhalepo, koma lithe oimbira asanaponye khobidi m'mwamba losankhira mbali. Ndipo anatembenuza mwambo: ana pa mipando ya kutsogolo, chifukwa ndiwo a maso akuthwa, akuluakulu kumbuyo. Aliyense anamugawira mbali yake ya kanema. Awa kumanzere, awa kumanja, awa m'munsi. Anati mpira wokhawo ausiye, uli ndi eni ake. Ife tiziyang'ana anthu oima m'mphepete mwa bwalo.

Tsikulo linafika. Onse a pa Khirisimasi ija anabwera, kupatula awiri amene anali atamwalira. Ndinapemphera. Ndisanafike popempherera odwala ndinamva mawu kuchokera pa mzati: "Ameni, alamu." Khobidi linali m'mwamba.

Mpira wake ndi wa maonekedwe a papaya. Amathamanga pang'ono, kugwetsana, kuima, kukambirana, n'kuyambanso. Chofunika ndi kuufikitsa kumapeto kwa bwalo. Amasewera zigawo zinayi. Chigawo choyamba chinatha popanda wogwa osadzuka. M'mphepete mwa bwalo munali anthu ambirimbiri ovala mofanana, ndipo kamera inkawadutsa ngati basi yodzaza. Kawiri konse wina anakuwa kuti uyo, koma sanali iye.

M'chigawo chachiwiri mnyamata wa timu ya Limbani anagona pansi atagwira bondo. Tinaona anthu atatu akuthamanga ndi zikwama, ali kutali, ang'onoang'ono ngati nyerere. Anambewe anasiya mzati n'kusendera kutsogolo. Pomwepo bwalo linazimiririka, pa kanema panabwera galimoto ikukwera phiri.

"A Tembo, mwagwira chiyani?"

"Si ine amai, ni malonda. Munthu akagwa baika malonda."

"Bwezani!"

"Nizabweza bwanji? Si kaseti iyi."

Bwalo litabwerera, wovulala uja anali atachotsedwa kale.

Pa nthawi yopumulira kunabwera woimba ndi magetsi ambiri. Ana anavina. Akuluakulu ankadya mapiko mwakachetechete, osayang'ana ku mzati. Mayi Jere ananong'oneza mnzawo, koma kunong'ona kwa munthu wa m'kwaya kumamveka: "Mwinatu ali kuseri akutsuka mabotolo." Anambewe anamva. Anabwera pamene ndinakhala.

"Alamu, pempheraninso."

"Ndipemphere chiyani? Kuti mwana wa eni athyoke?"

"Osati kuthyoka ayi. Kungobinya pang'ono. Ambuye amadziwa muyeso."

Ine pemphero limenelo sindinapemphere. Ngati iwo anapemphera, nkhaniyo akambirana okha kumene aliko.

Chigawo chachitatu chinadutsa. Anthu ena anayamba kufunsa za majekete awo, ati mawa ndi ntchito. Anambewe anaima pa mzati wawo, pafupi ndi masitepe, ndipo palibe amene analimba mtima kuwadutsa.

M'chigawo chomaliza timu ya Limbani inali kumbuyo pang'ono. Pali mnyamata mmodzi amene amaponya mpira, amene timu yonse imadalira dzanja lake. Zimphona ziwiri zinamugwera nthawi imodzi. Zitadzuka, iye sanadzuke. Ulendo uno malonda sanabwere, chifukwa dziko lonse linkafuna kudziwa ngati adzuke. Kamera inasendera pafupi.

Anthu a zikwama anafika. Mmodzi anaima atagwira m'chiuno. Wina ananjuta ku miyendo. Wachitatu anali wamtali, wometa mpala, woyenda moweramira kutsogolo ngati akulu anga. Anapita ku mutu. Anagwada, maondo onse awiri pa udzu. Anawerama mpaka nkhope yake italingana ndi zitsulo za kumaso za chipewa cholimba cha wogwayo. Tinaona milomo yake ikuyenda. Manja ake anali asanagwire kanthu.

"Amayi!" anakuwa Tadala. "Ndi Limbani!"



"Wagwada," anatero Anambewe, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo. "Onse awiri. Taonani, akumuuza dzina."

Kenako Limbani anasunthira ku phazi, naligwira ndi manja awiri. Apo ndi pamene nthungululu inaphulika. Ana anatembenuka, akukuwa m'Chizungu kuti agogo, wavulalayo ndi wathu, tikuluza. Sanawamve. Azimayi ena analowerera, mmodzimmodzi, chifukwa ambiri a iwo kugwada kumeneko anakuphunzira kwa munthu yemweyo, ndipo anakuzindikira.

Atatha mpweya anatembenukira kwa Mayi Jere.

"Mabotolo aja ndi amenewo, amayi."

Kenako anayang'ana tonse.

"Ndinanena pamaso panu kuti mwana wanga ndi wonyamula madzi. Ndinanama. Ntchito imeneyo ndi yanga yomwe. Alamu, mwaona?"

"Ndaona."

"Mawa mumuimbire ndinu. Ine ndingalire, ndiye sangamve kanthu."

Woponya uja anatuluka akutsimphina, atatsamira pa phewa la Limbani. Wina analowa m'malo mwake, zinthu sizinayende. Nthawi itatsala pang'ono tinamuona akubwerera, phazi litakulungidwa ndi bandeji yoyera pamwamba pa nsapato. Anaponya mpira wautali kwambiri. Unakhala m'mwamba mpaka ine ndinaimirira osadziwa. Mnyamata wina anauwakha kumapeto kwa bwalo. A Tembo analumpha n'kuthyola mpando wa kutchalitchi. Ana anagwerana pansi. Abusa anakumbatira munthu amene sankalankhulana naye. Mapepala amitundumitundu anagwa pa bwalo ngati ngumbi.

"Tawina ifeyo?" anafunsa Anambewe.

"Tawina, amai! Chikho ni chathu!"

"Yawina ndi bandeji ija," anatero, nayamba kutolera mbale.

Mawa lake masana ndinamuimbira Limbani. Kumene anali kunali phokoso. Ndinalankhula Chichewa, sindinasinthe.

"Limbani, ndine bambo ako aang'ono. Amayi ako aona. Anthu onse a tsiku lija analipo. Ine ndine mboni."

Anayankha m'Chizungu. Anati pa kanema pamaoneka zambiri, aona chiyani?

"Aona kuti unagwada."

Apo Limbani analankhula Chichewa chake chokhotakhota.

"Ankachita choncho kwa adadi. Pamene ankadwala."

"Ndikudziwa. Bwera."

Anabwera Loweruka lotsatira, dzuwa likuwala pa sinoo, ndi mkazi wake ndi kamtsikana kawo. Kiyi wa nyumbayo anali akadali naye, koma anaima panja.

"Odi."

Amayi ake anali kuseri kwa chitseko kuyambira m'mawa, atavala chitenje chatsopano. Sanatsegule.

"Sindinamve."

"Odi, amayi!"

"Lowani, bambo."

Atalowa anagwada. Iwonso anagwada, maondo akulira ngati nkhuni zouma. Anayang'anana choncho, maso atalingana. Zimene ananena ndi zawo. Chimene ndinganene ndi chakuti podzuka alamu anga analephera, ndipo anawadzutsa ndi mwana wawo, mwaluso, dzanja lina m'khwapa lina pamsana. Iwo anati wagwira bwino, koma akanayamba wachenjeza. Mdzukulu anamubereka kumbuyo tsiku lonse, ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha.

Mphete inabwera patapita miyezi. Timu yopambana imapatsa aliyense, ndi osamalira ovulala omwe. Limbani anaibweretsa m'kabokosi kokongola. Kabokosiko amayi ake anaikamo singano ndi ulusi. Mpheteyo anaimanga pa chitenje.

Kuyambira chaka chimenecho fainolo sinadutsepo osaonetsedwa m'nyumba imeneyo, kaya timu ya Limbani ilimo kaya mulibe. Malamulo a mpirawo sanawaphunzire mpaka imfa. Ankati alibe nawo ntchito.

Nyumbayo Limbani sanaigulitse. Tadala ndiye akukhalamo. Chaka chino timu ya Limbani inagwa msanga, choncho tsiku la fainolo anali nafe, ndipo mapiko anakazinga yekha. Anandipempha kuti nditsegule ndi pemphero. Ndinadutsa pa odwala, ndinadutsa pa a paulendo, ndikudikira kuti wina andidule. Palibe anandidula. Ndinati Ameni ndekha, khobidi lisanaponyedwe.

M'chigawo chachiwiri mnyamata wina anagwa osadzuka. Anthu a zikwama anathamanga. Palibe amene anapangana ndi mnzake, koma azimayi onse anaimirira, Mayi Jere patsogolo, naimba nthungululu atafulatira kanema. Anayang'ana ku mzati.

Chipindacho Limbani anachipaka penti watsopano, makoma ndi denga lomwe. Mzatinso anaupaka, koma anasiya malo amodzi, ofika pa chifuwa changa, pamene penti wakale anatha ndi dzanja mpaka chitsulo kuwala. Tsikulo anthu anadzaza, ena anakhala pa masitepe, ena anaima m'khonde la pamwamba akusuzumira. Pambali pa mzatiwo panatsala mpata wokwana munthu mmodzi wamfupi. Palibe anaikapo mpando. Mwini wake sankakhala pansi.